Nyumba ya Imurani ndi Usipa Wanga Wosagulika

Chilimwe, chaka chachiwiri chipumire ntchito

Ana anga, malonda anga oyamba a pa intaneti ndinawatsatsa pa maliro. Sindinachite dala. Agnesi, mlongo wanu wa ku Blantyre, anali atandigulira foni yosisita ija, ndipo ndinakhala m'mawa wonse ndikujambula usipa pa mkeka, uku ndikuingitsa mphaka ndi ntchentche. Chithunzi chitatuluka bwino ndinalemba pansi pake kuti, "Usipa wamafuta, wouma bwino, wopanda mchenga. Fulumirani, ukutha." Ndinkati ndikutumiza ku gulu la ogula ndi ogulitsa limene Agnesi anandilowetsamo. Koma chala cha munthu amene wakhala akudinda masitampa moyo wake wonse sichidziwa kukhudza pang'ono. Uthenga uja unakagwera m'gulu la anthu a kwathu ku Malindi, atangolengeza kumene kuti mkulu wina wa mpingo watisiya. Pamwamba panali "Mzimu wawo uuse mumtendere," pansi panali "Pepani anamfedwa," pakati pake usipa wanga uli mbuu pa mkeka. Fulumirani, ukutha.

Woyamba kuyankha anali mayi wina wa m'kwaya, amene anangolemba kuti, "A Positi, Ambuye akukhululukireni." Amayi anu nkhaniyi inawapeza kumjigo, ndipo anabwera ndowa ili theka. "Zaka zonse zija mumapereka makalata a eni osaphonya khomo," iwo anatero, "lero kalata yanu imodzi yokha mwaiponya kumanda." Ine kufufuta sindinkadziwa. Ndinadutsa pa mpanda foni ili m'manja ngati khala lamoto, kupita kwa Che Saidi, telala amene takhala naye moyandikana chibwerereni kuno ku boma. Chaka chimenecho anali atangowachotsa ng'ala ku chipatala cholipira ku Blantyre, kumene anawatengera Jafali, mwana wawo wamkulu, ndiye maso anali akuthwa ngati a mwana. Atawerenga anaseka mpaka phazi linaterereka pa chopondera cha makina, ulusi nkuduka. "Musafufute, Che Positi," anatero akupukuta misozi ndi kansalu ka kasitomala. "Pamaliro pamafunika ndiwo. Mwina msika mwaupeza." Kufufuta nawonso sankadziwa, choncho usipa uja unakhala pakati pa olira mpaka mwambo wonse unatha.

Che Saidi ndawatchula msanga mwadala. Inu mumawadziwa ngati madala amene anakusokerani mayunifolomu onse, ndi amene pa Khirisimasi iliyonse amabwera ndi mpeni wawo kudzatizingira mbuzi, kuti Asilamu onse a m'mbali mwathu adye nafe popanda kufunsa kuti wazinga ndani. Iwo ndi munthu wa mzikiti, ine wobatizidwa ku Malindi, koma pakati pathu pakhala mpanda wa bango wokhawokha, nawonso wobooka. Mutu uno ndaulemba kuti mudziwe mmene bizinesi ya pa foni inatsala pang'ono kundimezera munthu ameneyu. Mpaka lero sindikudziwa ngati inandibwezera yense.

Namwera ndi Chiponde, ndili mnyamata

Kuti mumvetse chimene ndinachita, ndibwerere m'mbuyo. Ntchito ndinayambira ku Namwera ngati mesenjala wa positi ofesi, ndili ndi sukulu yosamaliza ndi nsapato za malume. Mwana wa kunyanja, kumtunda kuja ndinkanjenjemera ngati mwanapiye wonyowa, jekete ndinkagona nalo. Bwana wanga woyamba anali bambo Nyirongo, munthu wamtali wa kumpoto amene ankakhulupirira kuti kumwetulira kumachedwetsa mzere. Mvula ikadula msewu wa m'phiri thumba la makalata silinkafika. Inki ya chidindo ikauma tinkaidontheza tiyi, chingwe chomangira mitolo chikatha tinkapota luzi. Masiku opanda thumba amenewo ndi amene ndinaphunzira kuwerenga kwenikweni: nyuzipepala zakale zokutira maphukusi, buku la malamulo a ntchito, ngakhale kalendala ya feteleza. Sukulu yanga ndi imeneyo, n'chifukwa chake Chingerezi changa mpaka lero chimamveka ngati chikalata cha boma chimene chinagonera m'madzi.

Thumba likafika, makalata ambiri ankachokera ku Joni. Amayi okalamba ndi akazi a anthu ankalandira kalata, nkuitembenuza uku ndi uku, kenako nkundikankhira: "Mwanangu, tiwerengere." Tsiku loyamba kuti ndichite zimenezi bambo Nyirongo anandiitanira kuseri kwa kauntala. "Barnaba, kalata si ndiwo," iwo anatero. "Usathiremo mchere, usachotsemo tsabola. Mwini wake anaphika kale." Ndinavomera, poti bambo Nyirongo munthu sankawatsutsa.

Atandikweza kukhala kalaliki ananditumiza ku Chiponde, kumene fumbi la njinga za katundu wa m'malire linkalowa ndi m'maenivulopu momwe. Kumeneko ndinapeza mayi Mbewe, aafupi, otha kuyamba chiganizo m'Chichewa, kudutsa m'Chiyao nkukamalizira m'Chipwitikizi. Lamulo lawo linali lina. "Ukaona kuti kalata ndi yolemera, yamba wamupatsa mpando mwini wake. Uthenga woipa salandira choimirira." Ndinawafunsa ngati zimenezi sizikutsutsana ndi za bambo Nyirongo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, mpandowo uli m'kalatamo?"

Kuchoka uko ndinatsikira kuno ku boma, kumene ndinaona makalata akuchepa chaka ndi chaka ngati chambo m'makoka, mpaka thumba linkabwera lofota. Anthu a ku Joni anali atayamba kuimba foni. Ndinapuma ntchito ndili ndi njinga, dzina loti a Positi, ndi mutu wodzaza mayina a midzi ndi makomo a anthu kuyambira ku Malindi mpaka m'malire. Zonsezi ndinkaziyesa zinyalala za ntchito, zoti ndidzapita nazo kumanda.

Miyezi yosakasaka

Za bizinesi anayambitsa ndi Agnesi. "Bambo, mukangokhala pakhondepo mumera mizu. Anzanu akugulitsa zinthu pa foni." Manyazi a pamaliro aja atapola, ndinaganiza zochita zimene ndimadziwa, ndiko kuwerenga. Ndinawerenga zolemba za anthu a bizinesi pa intaneti, dikishonale yanga yothothoka ili pambali, mabandulo akutha ngati madzi a m'dengu. Onse ankanena chimodzimodzi. Osagulitsa kwa aliyense, akuti, chifukwa woitana msika wonse saitana munthu. Peza kagulu kochepa ka anthu amene ali ndi chowawa chimene ena onse sakuchisamala, ndipo ndi okonzeka kulipira kuti chichoke. Mawu aliwonse paokha ndinkawamva. Koma ndikawaphatikiza, m'mutu munkangoti zii. Ndinafunsa Che Saidi kuti anthu a chowawa ndingawapeze kuti. Osadzutsa mutu pa makina anati, "Pitani kuchipatala, ali pa mzere."

Usipa sunayende. Kugulitsa usipa ku Mangochi kuli ngati kugulitsa mchenga pa gombe, aliyense ali ndi msuweni wake wa bwato. A m'tauni nawo ankafunsa mtengo, nkunena kuti "ndikuuzani," ndipo mpaka lero sanandiuze. Matumba anakhala kuchipinda mpaka zovala zanga za kutchalitchi zinayamba kununkha, ndipo yekhayo amene anapindula ndi mphaka. Kenako ndinati anthu a m'maofesi ali ndi chowawa cha m'mimba, ndiwagulitse ufa wa malambe. Amayi anu anasinja mpaka phewa linatupa. Mayi mmodzi wa ku Lilongwe anaitanitsadi, ine ndinavina pabwalo, koma phukusi linaphulika m'basi pamwamba pa suti ya munthu wopita ku ukwati. Kondakitala anandiimbira foni, ndipo mawu amene ananena sindingawalembe m'buku loti adzukulu adzawerenge.

Ndinayesanso zisoti za mlaza, poganiza za alendo obwera kunyanja. Pofuna kuti anthu aone mmene chimakhalira pamutu, ndinachivala ndekha amayi anu nkundijambula. Anthu anayankha ambiri kuposa kale lonse. Wina anafunsa ngati madalawo akugulitsidwa limodzi ndi chisoti. Wina anati makutu anga ndi okwanira kale kutchinga dzuwa. Wogula panalibe. Ndinabwerera ku zolemba zija kukaona ngati ndinalumpha tsamba. Kagulu kochepa ndinali nditakapezadi: ofuna katundu wanga anali ochepa kwambiri moti panalibe ndi mmodzi yemwe.

Nyengo yozizira, chaka chachitatu

Tsiku lina kunabwera uthenga wa mawu kuchokera pa nambala yakunja. "A Positi, mukadali moyo? Ndine Yohana, mwana wa mayi Esitere a ku Malindi, amene munkawawerengera makalata a malemu bambo. Nambala yanu ndinaitenga pa usipa wa pamaliro uja. Kuno ku Debeni tinaseka mpaka nthiti kuwawa." Ndinati basi, wogula wapezeka. Ndinamufunsa kuti akufuna usipa wochuluka bwanji. "Usipa ayi, madala. Ndinatumiza ya malata a nyumba ya amayi. Alamu akuti anakhoma kale. Amayi ndikawafunsa amangoti zonse zili bwino, mukuwadziwa, safuna kuyambanitsa anthu. Kodi simungapite kukaona ndi maso anuwo?"

Ndinapalasa njinga mpaka ku Malindi. Malata analipo, onse, akunyezimira. Mayi Esitere anakana kujambulidwa mpaka atasintha chitenje ndi kuvala duku latsopano, ndipo anaima patsogolo pa nyumba ali chilili ngati msilikali. Nditatumiza chithunzi, Yohana anathokoza kwambiri, kenako pa foni panalowa ndalama. Ndinamufunsa kuti ndi ya chiyani, poti sindinamugulitse kanthu. Anati ndi yanga. Chikumbumtima chinandivuta, moti sabata yotsatira ndinawapititsira mayi Esitere usipa kuti malonda aoneke ngati malonda.

Yohana anapereka nambala kwa mnzake, mnzakeyo kwa anzake. Wina ankafuna ndikaone ngati boti lake likukhomedwadi. Wina ngati mwana wake akupitadi ku madarasa. Wina ngati mbuzi ndi mpunga wa sadaka ya malemu amayi ake zinafika pakhomo, wina ngati manda a bambo ake anawaka. Misewu ndinkaidziwa, agogo awo ndinkawadziwa, ena ndinawawerengerapo makalata a bambo awo omwe. Ndinadziikira kachitidwe kanga: sindijambula mobisa. Ndimaodira, ndimakhala pansi, ndimanena amene wandituma, ndipo chithunzi ndimayamba ndaonetsa eni khomo ndisanatumize. Malo ambiri zinthu zinali bwino, kwina zinali theka, kwina anandikhazika padzuwa nkunditchula kazitape. Ndipo aliyense ndikamaliza naye ndinkamufunsa kuti, "Nanga usipa?"

Agnesi atamva zimenezi anakuwa pa foni mpaka ndinaichotsa kukhutu. "Bambo! Usipa wa chiyani? Kagulu kaja mumakasaka ndi kameneko!" Ndinamufunsa kuti ndiye ndikugulitsa chiyani. Anati maso anga. Ndinamukumbutsa kuti maso anga popanda magalasi sasiyanitsa mbuzi ndi galu. "Bambo, tamverani. Anthu aja ali kutali, akugwira ntchito usana ndi usiku, koma kumudzi alibe womukhulupirira. Chowawa chake ndi chimenecho." Anandilembera kachilengezo kakafupi: "Muli kutali? A Positi akakuonerani." Ndinavomera, koma ndivomereze kuti sindinamvetse msanga. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti chogulitsa chimayenera kulowa m'thumba. Madzulo ndinkakhala pa benchi ya Che Saidi kuwafotokozera maulendo anga, ndipo ndinaona kuti asiya kuseka monga kale. Ndinkati mwina ndi nsanje ya amadala, nkuwakhululukira mumtima.

Mvula yoyamba, chaka chomwecho

Kuchiyambi kwa Disembala kunabwera mawu amene ndinawazindikira asanadzitchule. Anali Imurani, mwana wamng'ono wa Che Saidi, amene anakula akuba magwafa athu, ndipo tsopano ankagwira ntchito pa bekare ina ku Kepitauni. "A Positi, ndatopa nako kuno. Mwezi uno ukatha ndikusiya ntchito, ndibwere ndi mkazi wanga ndi ana. Achimwene a Jafali akuti nyumba ija yangotsala penti. Ndiye mayi a kunyumba akufuna agule makatani konkuno. Mukatijambulire mazenera, muyezenso." Ananditumizira chithunzi chimene Jafali anamupatsa, nyumba yokongola ya malata a buluu, kutsidya kwa mlatho. Mwanayo sankakayikira chilichonse. Ankafuna makatani basi.

Ntchito yophweka chotere ndinali ndisanaipezepo. Che Saidi anali atapita ku mzikiti, choncho tepi yoyezera ndinabwereka ya amayi anu nkupalasa. Nyumba ya buluu ndinaipeza mosavuta. Nditaodira kunatuluka mayi wina atanyamula chipande. Nditanena kuti wandituma ndi mwini nyumba, anati, "Mwini nyumba ali m'bafa, bambo. Mukunena uti?" Nditatchula Imurani analoza ndi chipande chija kuseri kwa mpanda wake. Kumeneko kunali maziko ofika m'mawondo. Pabalaza panamera nkhwani yobiriwira bwino, m'chipinda chogona munagona mbuzi ya eni. Ndinaima pamenepo tepi ili m'manja, kufunafuna zenera loti ndiyeze. Kenako ndinajambula, chifukwa sindinadziwe choti nkuchita ndi manja anga.

Nditabwerera ndinawapeza Che Saidi akusoka. Ndinawapempha aime, ndipo pakhomo pawo pomwe ndinawakokera mpando. Ndinawauza amene wandituma nkuwaonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwatumiza?"

"Ayi."

"Alhamdulillah." Anapuma mozama. "Che Positi, maso ndikukuonerani nawowa ndi malata a Imurani. Njerwa zake zinakwatitsa mlongo wake. Zotsala Jafali anagulira injini ya boti kuti nsomba zibweze zonse. Injiniyo mwera unaitenga, ili pansi pa nyanja."

Ndinakumbukira mmene ndinawaperekezera pa basi ya ku Blantyre, ndikumutama Jafali pamaso pa anthu kuti ana otere ndi osowa. Ndinafunsa ngati Imurani akanakana kupereka ndalama ya maso a bambo ake.

"Sakanakana. Manyazi ake ali pamenepo. Tinatenga mobisa chinthu choti akanatipatsa ndi manja awiri." Anasisita ndevu. "Jambulani ya buluu ija, kamodzi kokha. Tipeze kaye mpata wopuma. Mazenera ndi mazenera, makatani akadzakula ndidzadula ine."

"Che Saidi, mwanayu akusiya ntchito. Abwera ndi ana kudzagona pa nkhwani."

"Ndiye muuzeni kuti penti yachedwa."

"Penti ya pa chiyani?"

Anatembenukira ku makina awo. Ndinawauza kuti ndidikira mpaka Lachisanu akatuluka ku mzikiti, ndipo kuti zikanakhala bwino mwanayo akanamva kwa bambo ake. Foni yanga ndinaiika pa makina, nkuwauza kuti mayunitsi alimo. Anaikankha ndi chala chimodzi.

"Mkhristu wanji inu wopanda chifundo? Ndakuzingirani mbuzi zingati ine?"

"Zonse."

"Ndiye lero mwati muzinge ine."

Masiku otsatirawo ndinali ngati nkhuku yodulidwa mutu. Amayi anu anati ndingomuuza Imurani kuti foni yagwera m'madzi, poti ndi mmene ndimagwirira zinthu aliyense angakhulupirire. Agnesi anati ndikanama kamodzi kokha bizinesi yonse yatha. Onse awiri ankanena zoona, koma ndinaona kuti wina akupulumutsa mnansi, wina akupulumutsa malonda, ndipo za ana a Imurani palibe anatchula. Ndinabwerera ku zolemba zanga za pa intaneti. Zinali ndi mitu ya mmene ungapezere ogula, mmene ungaikire mtengo, mmene ungapambanire opikisana nawe. Mutu wa zoyenera kuchita ngati chowawa cha kasitomala ndi mnzako wa pa mpanda, panalibe. Jafali naye anabwera, osalankhula zambiri, nkusiya chambo chachikulu pakhonde. Amayi anu anachiyang'ana, nkundiyang'ana, nkufunsa ngati chimenechi ndi chophika kapena chobweza. Tinabweza, ndipo ndi koyamba m'moyo wanga kuperekeza chambo ku nyumba ya wina.

Lachisanu ndinakhala pa mpanda kudikira. Che Saidi anabwera atavala mkanjo wawo woyera, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinafunsa ngati amuimbira foni Imurani. "Pakamwa pakana," anatero, nkulowa m'nyumba. Ndinakhala pansi pa mtengo wa magwafa, ndipo ulendo uno ndinaonetsetsa kangapo kuti chala chili pa dzina loyenera. Ndinatumiza chithunzi, nkhwani ndi mbuzi zomwe. Pansi pake ndinalemba kuti, "Imurani mwanawe, chimene chilipo ndi ichi. Usasiye ntchito. Usanakwiye, ufunse bambo ako za maso awo." Chiganizo chomalizacho chimandivutabe. Sindikudziwa ngati bambo Nyirongo akanachitcha mchere, kapena mayi Mbewe akanachitcha mpando.

Khirisimasi

Imurani anangoyankha liwu limodzi, "Zikomo." Ntchito sanasiye. Mawa lake Che Saidi anasamutsa makina awo kuchoka pakhonde loyang'ana kwathu nkuwaika kuseri, ndipo pobooka pa mpanda paja wina anatsekapo ndi chidutswa cha lata. Ndinkamva makina akulira koma mwini wake osamuona. Tikakumana pamsewu maso awo atsopano aja ankaona chilichonse kupatula ine.

Chimene chinandisokoneza koposa ndi chakuti foni inayamba kulira kuposa kale. Nkhani inali itafala ku Joni yoti a Positi sakondera ngakhale woyandikana naye nyumba. Anthu a ku Namwera, a ku Chiponde, ena oti sindinawamvepo, onse ankafuna ndikawaonere. Agnesi anati tsopano dzina lakhazikika, mwina tiganize zogula njinga yamoto. Zolemba zija zinali zitalondola: msika unalipo, wopindulitsa, wopanda wopikisana nane. Chimene sizinandiuze ndi chakuti chikwangwani chake adzakhala Che Saidi. Uthenga uliwonse watsopano ukalowa ndinkayang'ana ku khonde lija lopanda makina, osadziwa ngati ndisangalale kapena ndiiponye foniyo m'Shire.

Mbuzi ya Khirisimasi tinali titagula kale. M'mawa wa tsikulo inali pa chingwe pansi pa magwafa, ikudya masamba mwamtendere, ine ndi amayi anu titaima kuiyang'ana. Zaka zonsezi mpeni wa mbuzi sindinaugwirepo. Amayi anu anati tiitane Msilamu wina aliyense wa kumsika. Ndinati zimenezo zikhala ngati kulengeza kuti maliro a ubwenzi achitika. Anati ndiye ndizinge ndekha, tidye awiriwiri, ana a anzathu azimva fungo okha. Tili mkati motsutsana, lata la pa mpanda lija linalira. Che Saidi analichotsa, nkuliimika pambali bwinobwino, nkulowa mpeni uli m'nsalu.

Moni sanandipatse. Anapatsa amayi anu okha. Anandiuza ndi chibwano kuti ndigwire miyendo, anaitembenuza mbuzi kuyang'ana kumene amayang'ana popemphera, nanena bisimila wawo chapansipansi. Tinasenda tonse awiri, iwo mbali iyi ine mbali iyo, monga tachitira kuyambira inu muli makanda. Pakamwa panga pankayabwa koma ndinadzigwira. Amayi anu ndi amene anafunsa za Imurani. Anawayankha iwowo, osati ine, kuti mwanayo anakhala masiku ambiri osaimba, kenako dzana anaimba, ndipo anayamba ndi kukalipa, nkumalizira kufunsa ngati maso akuonabe bwino. Za nyumba akuti ziyambiranso, koma simenti azigula yekha kuchokera komweko, ndipo mzere uliwonse wa njerwa ukakwera azituma munthu wokajambula. Munthuyo sanamutchule.

Atasamba m'manja anapukuta mpeni, nkuukulunga m'nsalu yake. Ndinati mwina apita chomwecho. Koma atafika pobooka paja anaima, nkutembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni zonsezi anandiyang'ana m'maso.

"Che Positi, musaganize kuti ndakukhululukirani. Sindinatero. Koma mbuzi sinalakwe, ndipo adzukulu anga akudikira. Mwendo wakumbuyo ndi wanga monga mwa masiku onse. Lolemba mukamapita kukajambula njerwazo mundidikire, ndikakolole kaye nkhwani yanga, isaonekenso ku Kepitauni."